Mapiritsi a mu Tiyi wa Amuna Anga

Ine ndine telala, ndipo sindisiya chinthu pakati. Diresi ndikaiyamba ndimaimaliza ngakhale msana ulire. Khalidwe limeneli ndi lomwe linatsala pang'ono kundiphera mwamuna.

Amuna anga ndi dalaivala wa basi, bambo wamkulu ndithu, koma pa mankhwala ndi khanda. Atayamba kumva kuwotcha pokodza, kuchipatala anawapatsa mapiritsi oyera, akuluakulu, a masiku khumi. Namwino ananenetsa kuti amalize onse. Mawu amenewo ndinawasunga ine kuposa eni ake matenda.

Patatha masiku asanu anabwera kuchokera kuntchito akudzikanda m'khosi ndi pachifuwa. Tiziphuphu tofiira tinali titatuluka.

"Amayi, mankhwala awa sakundiyanja. Ndasiya."

"Sakukuyanjani kapena ndinu simukuwafuna? Ndi thukuta ilo, bambo. Tsiku lonse pampando wotentha uja."

"Ndati ndasiya."

Sindinalimbane nawo. Ndinangotenga supuni ziwiri, kuphwanya piritsi, kuthira mu tiyi, shuga wambiri pamwamba. M'mawa ndi madzulo, masiku atatu. Iwo ankangodandaula kuti masamba a tiyi a masiku ano akuwawa, ine n'kumavomera. Ndinkadziona wochenjera, komanso mkazi wosamala.

M'mawa wotsatira analephera kudzuka. Thupi linali moto, maso ofiira ngati akhala pa utsi, milomo yotupa ndi yong'ambika. Powavula malaya, khungu la pamsana linatsalira pansalu. Tinathamangira nawo kuchipatala.

Dokotala amene anatilandira anali mayi wamfupi, wosachulukitsa mawu. Anawayang'ana m'kamwa ndi m'maso, kenako anawerenga buku lawo la kuchipatala.

"Mapiritsi munapatsidwawa ali ndi salufa. Anthu ambiri amamwa osamva kanthu, koma matupi ena amawakana, ndipo akakana pang'ono sipachedwa kukula. Munamwa liti komaliza?"

Amuna anga anakweza zala zinayi, kutanthauza masiku anayi apitawo. Mawu ankatuluka movutikira.

"Ndinasiya nditangoyamba kuyabwa."

"Munachita bwino kusiya. Chikanakhala chabwino koposa mukanabwera tsiku lomwelo, koma kusiyako mwina n'kumene kukupulumutseni."

Anayamba kulemba. Ndinkaona cholembera chikuyenda, chikulemba bodza langa, ndipo ndinadziwa kuti chithandizo chawo chonse chitsamira pa bodzalo. Manyazi anandigwira. Kunena zoona, ndinaganizako zokhala chete.

"Adokotala, sanasiye ayi. Womaliza anamwa dzulo madzulo. Ndinkawathirira mu tiyi."

Cholembera chinaima. Dokotala sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Anangofufuta mzere uja n'kuitana namwino kuti akonze bedi ndi diripi msanga. Amuna anga anatembenukira kukhoma.

"Anati amalize onse," ndinatero, ngati kuti wina wandifunsa.

"Inde, timatero. Koma thupi likatuluka ziwengo, milomo ikatupa kapena mpweya ukavuta, munthu amasiya n'kuthamangira kuno. Mawu amenewo tinayenera kukuuzaninso."

Pachikuto cha buku analemba ndi inki yofiira kuti asadzalandirenso salufa moyo wawo wonse. Anati tizinena paliponse, kwa dokotala wa mano ngakhale pogula mankhwala, chifukwa salufa amapezekanso m'mankhwala ena a malungo ndi m'mafuta ena opaka pa zilonda za moto.

Masiku anayi amuna anga sanandilankhule. Khungu linkasupuka, anamwino n'kumawamanga ngati munthu wopsa. Phala ankalandira kwa mlongo wawo. Ine ndinkangochapa, kuyanika, kukhala pabenchi panja. Ndinkaopa kuti afa asanandikhululukire, ndipo nthawi zina ndinkaopanso kuti achira asanandikhululukire.

Tsiku lachisanu dokotala anati choopsa chachikulu chadutsa, koma maso akadali pangozi. Pankafunika munthu wowadonthezera mankhwala maola awiri aliwonse, osaphonya. Mlongo wawo anali atabwerera kuntchito. Namwino anandipatsa kabotolo, ine n'kuima pambali pa bedi.

"Ndani ameneyo?" Anafunsa amuna anga, zikope zawo zili zomatana.

"Ndine, bambo."

Anapapasa mpaka kukhudza kabotolo kaja.

"Muli chiyani m'botolomo? Ndiwerengereni."

Ndinawerenga zonse, dzina lovuta lija, ngakhale timalemba ting'onoting'ono ta pansi. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Anesi, ndi zimene zalembedwa?"

Namwino anayang'ana botolo n'kuvomera. Apo m'pamene anapendeketsa mutu, n'kundilola.