Mwendo wa Jonasi

Mumpingo wonse wa kufupi ndi Edingeni munalibe mkulu wodana ndi ingoma ngati Jonasi. Mzungu wa mishoni anangonena kamodzi kuti guleyu ndi wachikunja, koma Jonasi anaikoleza nkhaniyo kuposa mwini wake. Akamva kuti Mkhristu wina wavina, ankathamanga kukanena, munthuyo n'kuchotsedwa pa mgonero. Mphotho yake inali jekete yakuda ndi mpando wakutsogolo.

Tsoka lake, mwendo wamanja unakana kutembenuka mtima. Nyimbo ikakoma m'tchalitchi unkayamba kugunda pansi wokha, iye n'kuupanikiza ndi buku la nyimbo. Chishango chake chovinira chomwe analumbira kuti anachitentha chinali bwinobwino m'denga la nkhokwe. Ankadzida nazo zimenezi, ndipo tsiku lomwe wadzida kwambiri ndi lomwe ankakalipira anzake koopsa.

Kenaka anamwalira mkulu wake Malizani, munthu wosapemphera, yemwe anamuphunzitsa kuvina. Mngoni wotere amaperekezedwa ndi ingoma, koma amuna anangokhala duu pafupi ndi khola, akuyang'ana mozemba jekete ija.

Towera, mkazi wa malemu, anabwera kudzagwada pambali pake. "Alamu, ndapota nanu. Akulu anu apite chete ngati nkhuku ya chitopa? Onse akuopa imwe. Mbwenu chokanipo pang'ono, anthu avine."

Nzeru yake inali yabwino. Akachoka ndiye kuti sanaone kanthu, mpando ukhalabe wake. Jonasi ananyamukadi. Koma njira ya kwake inkadutsa pankhokwe, ndipo atafika pamenepo mwendo uja unakana kupitirira.

Anabwerera alibe jekete, chishango kumanzere, chibonga kumanja. Anayambitsa yekha nyimbo ya Malizani, misozi ili chuchuchu, n'kuponda pansi mpaka ng'ombe zinadzidzimuka. Towera analiza nthungululu, amuna onse n'kudzambatuka.

Wokanena sanasowe, paja anawaphunzitsa bwino yekha. La Sabata jekete inali pa msana wa wina, Jonasi ali kumbuyo pakati pa anthu omwe anawachotsetsa.

"Mwafika, adada?" mmodzi anamuseka. "Malo alipo chomene."

Nyimbo itayamba, mwendo unayambanso zake. Jonasi anaika buku pambali n'kuuleka. Mzere wonse wakumbuyo unamutsatira, fumbi linafika mpaka kuguwa, mzungu n'kuyetsemula. Jonasi anaimba mokweza, mtima uli mbee, akutamanda Mulungu ndi miyendo yonse iwiri.