A Paliponse ndi Msewu Womira

"Ine ndayendetsa lole m'mayiko oti inu simungathe n'kuwatchula komwe. Kachilumba aka kandiphunzitse chiyani?"

Anatero a Paliponse, dalaivala wopuma ntchito, ali khale pakhonde la mwana wawo wamkazi, namwino wa pachipatala cha pachilumbapo. Akazi awo anangopukusa mutu. Mayiko amenewa anali atawamva mpaka kutopa, ndipo ankachulukabe chaka ndi chaka ngakhale loleyo inagulitsidwa kalekale.

"Ababa, tamverani," anatero namwino akumanga nsapato kuti azipita kuntchito. "Dzuwa la kuno silinyengerera mlendo, valani chipewa, tengani madzi akumwa. Anthu muziwapatsa moni, ndipo musajambule munthu musanapemphe. Koma chachikulu n'chakuti nyanja ino ndi yamchere. Imaphwa, kenako imabwerera mothamanga. Musapite kutali pamchenga musanafunse eni dera."

"Ndifunse njira ine? Mwana iwe, matewera ako ndinkagula ndine."

A Paliponse ndi akazi awo atafika kugombe anapeza madzi atathawa, atasiya mchenga wautali wokafika pachimwala china kutali uko.

"Taonani msewu, mayi a ana! Wopanda ndi dzenje lomwe. Tiyeni."

M'njira anakumana ndi azimayi otola nkhono akubwerera kumtunda, madengu pamutu. Mayi a ana anaima kuti apereke moni, koma amuna awo anawakoka dzanja.

"Bambo, nthawi yatha imeneyo!" anakuwa mayi wina wamtali, wamapewa ngati chitseko. "Madzi ali m'njira!"

"Musawayang'ane," ananong'ona a Paliponse. "Akufuna atigulitse nkhonozo. Ndimawadziwa ine."

Pachimwala paja bambo anajambula nyanja, anajambula mbalame, anadzijambula okha. Mayi a ana anatembenuka. Kumbuyo kunali madzi okhaokha, ndipo iwo kusambira sankakudziwa.

"Bambo a ana, msewu wanu uja uli kuti?"

"Ubwera," anayankha bambo, koma mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wa sukulu.

Madzi anayamba kukwera chimwalacho, mafunde akunyambita mapazi. Mayi anavula mpango wakumutu n'kuyamba kuukupiza, akufuula mpaka kukhosi kuwawa.

Kenako bwato linatulukira. Wopalasa anali mayi wamtali uja. Chifukwa cha miyala, bwatolo linaima chapatali pang'ono, ndiye mwini wake anatsikira m'madzi ofika m'chiuno, anawagwira dzanja mayi a ana n'kukawakhazika m'kati. Apo mpamene mtima wawo unabwerera m'malo, anapuma ngati munthu wotula katundu.

"Zikomo, achemwali. Mwatiombola."

"Musadandaule, alendo amatero. Nanga enawo akudikira basi? Tsikani, bambo!"

A Paliponse anali atakumbatira mwala ngati m'bale wawo wotayika.

"M'madzimo mulibe zoluma?"

"Tsikani, nyanja sidikira munthu."

"Miyendo yakana, mayi. Ine ndine wapamsewu."

Mayi wamtali anausa moyo, anabwerera pamwala paja n'kuwapatsa msana kuti awabereke. Munthu wa mayiko osatchulika uja anakwera bwinobwino, manja m'khosi mwa mwini bwato, miyendo ili lendelende, maso atatsinzina.

"Tafika?" anafunsa ndi kamawu konjenjemera.

"Ayi, adalaivala," anayankha akazi awo m'bwato muja, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe. "Gwirani zolimba, kutsogoloku kuli bampu."

Phunziro: Mukapita kuchilumba, perekani moni ndipo funsani eni dera nthawi imene madzi amabwerera musanaponde mchenga wa m'nyanja.