Mkazi Wobwereka wa Goliati

Pa esiteti ya fodya ija ili kuseri kwa Mkanda sankalemba batchala utenanti. Mwini esitetiyo anali munthu wodziwa masamu: ankati mwamuna wopanda mkazi ndi manja awiri okha, pamene wokwatira amabwera ndi manja anayi, ndipo awiri enawo safunsa malipiro.

Goliati anamva za lamuloli ali kwawo ku Phalombe, njala ya 2002 itangomusiya ndi nthiti zoonekera ndi nyumba yozizira, poti mkazi wake anali atathawira kwa mwini chigayo. Musanyengeke ndi dzinalo. Goliati anali kamunthu kakafupi, koti pokatuma kunyamula thumba la feteleza mumayamba mwakapepesa. Koma nzeru za umphawi anali nazo. Anapita kwa Stelia, mayi wamasiye woyandikana naye nyumba, amene anali ndi kamwana kamodzi, Luwiza, ndi kamunda kosakwana kuyalapo mphasa ziwiri. Anagwirizana zopita ku Mchinji ngati banja: ukwati wa pamaso pa kapitawo basi, zokolola azigawana pakati, ndipo aliyense akatopa ndi mnzake ali ndi ufulu wonyamuka.

Chaka choyamba chinatha, chachiwiri n'kulowa. M'kanyumba kawo kaudzu anapachika chiguduli pakati, uku Stelia ndi mwana, uku Goliati ndi njinga yake. Ndiye mtima, mukuudziwa, sufunsa kwa ankhoswe. Goliati anagwa m'chikondi mpaka m'makutu, ndipo chinthu chimodzi chokha ndicho chinkamusowetsa tulo: kuti tsiku lina Stelia adzamanga katundu wake n'kupita. Panalibe chomumangirira, ngakhale kachingwe.

Mantha amenewa anamusandutsa mwamuna wachilendo pa esiteti yonse. Ankatunga madzi pa njinga. Ankawaza nkhuni asanauzidwe. Pogula ngakhale mchere ankayamba wafunsa, "Kodi a Stelia, mukuona bwanji?" Luwiza atadwala malungo, anamubereka yekha ndi chitenje mpaka kuchipatala, n'kukhala pamzere pakati pa amayi, mutu uli pansi. Amuna anzake pa bawo ankaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ameneyu anamudyetsa khuzumule wa mphika wonse," ankatero a Jonasi, kapitawo wa pa esitetiyo, amene anali ndi akazi awiri ndipo onse awiri ankamudziwa ndi kulemera kwa dzanja.

Zisankho za 2004 zitangodutsa, kunabwera galimoto yoyera. Anthu anathamangira poganiza kuti ndi achipani abwera ndi nsalu zotsala, koma ayi, anali anthu a kafukufuku. Zaka zimenezo mabungwe anali atachuluka kuposa mbewa za m'dambo, ndipo lililonse linali ndi funso lake. Awa ankafuna kudziwa ngati chikondi cha m'banja chimateteza anthu ku matenda. A Jonasi analengeza ku chigafa, kumene anthu ankasoka fodya, kuti banja lililonse lidzafunsidwa, mwamuna payekha, mkazi payekha.

Goliati anaona ngozi nthawi yomweyo. Payekha! Mayankho akasiyana, bodza lidzaululika, a Jonasi adzawathamangitsa, ndipo Stelia adzakhala wopanda chifukwa chokhalira naye. Madzulo ake, ali m'munda kuthyola fodya, anayamba kumuphunzitsa ukwati wawo.

"Tinakwatirana ku tchalitchi cha kwathu, mwezi wa Ogasiti. Nkhoswe yanu anali amalume anu. Tinapha mbuzi."

"Mbuzi yake iti, a Goliati? Inu munaphapo ngakhale nkhunda?"

"Chabwino, nkhuku. Koma muzinena kuti inali yaikulu."

Stelia anaseka mpaka kukhala pansi pa mzere. Goliati sanaseke nawo, poti kwa iye nkhaniyi inali ya moyo ndi imfa.

Tsiku litafika, Stelia anatengedwa ndi mtsikana wina wa kafukufukuyo dzina lake Ivy kupita naye pansi pa mtengo wa mango. Goliati anagwera kwa Rodrick, mnyamata wa pa Boma amene anali atangomaliza Folomu 4, wosakwatira, wosadziwa ngakhale mtengo wa poto, koma wolembedwa ntchito yoyeza maukwati a anthu. Anakhala pa njerwa kuseri kwa chigafa. Goliati anali atakonzeka ndi nkhuku yake yaikulu ija, koma Rodrick sanaifunse n'komwe.

"Bambo, akazi anu munawamenya liti komaliza?"

"Sindinawamenyepo."

Rodrick anadzutsa mutu. "Ngakhale khofi limodzi? Musaope, izi n'zachinsinsi."

"Ndingayambe bwanji, achimwene, poti iwo aja si..." Goliati anameza mawu otsalawo pamodzi ndi malovu. "Poti ndimawaopa."

"Eya, mumawalemekeza," anatero Rodrick akulemba. "Nanga mukagulitsa fodya, amasunga ndalama ndani?"

"Timagawana pakati."

"Pakati penipeni?"

"Akapanda kuona pakati pake, mawa ndidzuka ndekha m'nyumbamo."

"Kukhulupirirana," anatero Rodrick, cholembera chikuthamanga. "Muli ndi chibwenzi kunja?"

Apa Goliati anangopumira m'mwamba. Chibwenzi kunja, pamene ngakhale m'nyumba momwemo analibe! Anapukusa mutu mwachisoni chenicheni, ndipo Rodrick anamuyang'ana ngati waona ng'ombe ikuwerenga nyuzi. Funso lotsatira linali loti ngati amakangana za kuchipinda. Goliati anayankha moona mtima kuti sanakanganepo ngakhale kamodzi.

Atabwerera kunyumba ndi sopo ndi shuga wawo wa zikomo, Goliati anafunsa mwamantha zimene Stelia anayankha. "Zoona zokhazokha," anatero Stelia. "Anafunsa kuti ndikadwala amandisamala ndani, ndinati inu. Ndikakhala ndi nkhawa ndimauza ndani, ndinati inu. Pamenepo bodza lili pati?" Ananena izi akupeta mpunga, osamuyang'ana, koma Goliati anatuluka panja n'kukaseka yekha ndi njinga yake.

Patapita miyezi, galimoto yoyera ija inabweranso. Goliati ataiona anayamba kuganiza zothawira ku Zambia kudzera m'tchire. Koma Ivy anatsika akumwetulira: pa mabanja onse amene anafunsidwa, kuchokera ku Ludzi mpaka ku Mkanda, lawo ndilo linapambana. Ankafunika ku msonkhano pa Boma.

Holo inadzaza ndi abusa, alangizi a zaumoyo, ndi akuluakulu a maofesi amene anabwerera chakudya chamasana. Mkulu wa kafukufukuyo, a Dokotala Benedict, anali bambo wa mimba yabwino ndi mawu a pa wailesi. Anafika mochedwa kuchokera ku resiti hausi limodzi ndi mtsikana amene ankati ndi mlembi wawo, ngakhale palibe anamuona atagwira cholembera. Anaonetsa zithunzi za mizere yokwera ndi yotsika, n'kulongosola kuti banja lokondana silidwaladwala. Kenaka anaitana Goliati ndi Stelia kutsogolo.

"Taonani banja ili!" anafuula a Dokotala. "Ndi osauka, sanapite patali ndi sukulu, koma sayansi yatsimikiza kuti pano pali ukwati weniweni. Mwana wawo sanaphonyepo sikelo. Mayi awa sanalawepo chibakera. Chinsinsi chake n'chiyani? Ndi mutu wa banja! Banja ndi mwamuna, anzanga. Mwamuna akakhala wolimba ngati bambo awa, nyumba imaima."

Anthu anawomba m'manja. Stelia, amene anasoka fodya ndi manja omwewo ngati a Goliati, palibe anamufunsa kanthu. Anangomuuza kuti asunthe pang'ono kuti wojambula aone bwino a Dokotala. Goliati anavekedwa malaya olembedwa kumsana kuti BAMBO WACHITSANZO, aakulu mpaka kufika m'mawondo. Anawapatsanso ndowa yachitsulo, bulangete, neti ya udzudzu, shuga ndi mafuta ophikira. Atamupatsa chimkuzamawu kuti alankhulepo, Goliati anamva mawu ake akugunda makoma a holo, ndipo anawakonda. Analangiza amuna a m'boma lonse la Mchinji kuti mkazi amafunika kumuwongolera mwachikondi. Abusa anagwedeza mitu.

Mu minibasi yobwerera, mawu aja ankangolira m'mutu mwake. Mutu wa banja. Ukwati weniweni. Ngati anthu ophunzira mpaka kunja ayeza ndi makina awo n'kupeza kuti ukwati ulipo, iye ndani kuti atsutse? Chatsala n'chinkhoswe chabe, mwambo wa tsiku limodzi. Mantha amene anagona nawo zaka ziwiri anasungunuka ngati mchere m'madzi, ndipo kunena zoona, anamva kukoma.

Anatsika pa Mkanda dzuwa likupendeka. Kondakitala anatsitsa ndowa, katundu yense ali m'katimo, n'kuiika pansi. Goliati anaiona. Anaonanso patsogolo, pa sitolo ya njira ya ku esiteti, a Jonasi ndi amuna ena ali pa bawo. Kodi bambo wachitsanzo wa boma lonse angadutse pamenepo atasenza ndowa? Anaika manja kumbuyo n'kuyamba kuyenda. Stelia anamuyang'ana kanthawi, kenaka anamanga Luwiza kumsana, anapinda nkhata, n'kudzitwika yekha.

"Aa, a Goliati, lero ndiye mwayenda ngati mwamuna!" anakuwa a Jonasi. "Khuzumule uja wasuluka?"

Goliati anaseka kuseka kwa akuluakulu, anatembenuka kuti onse awerenge kumsana kwake, ndipo anaponya mawu kumbuyo osacheuka: "Tafulumira iwe, kukuda. Ukafike uyambe wanditenthetsera madzi osamba."

Amuna aja anaombera m'manja kuposa a mu holo muja. Goliati anayenda mtunda wonsewo patsogolo, chifuwa chili panja, akukonza mawu okoma ofunsira mbeta. Atafika pa kamlatho ka mitengo, esiteti ikuonekera, anaima n'kudikira. Stelia anafika thukuta lili chuchuchu, khosi litauma, mwana akulira kumsana.

"Stelia," anayamba Goliati, "wamva wekha zimene anena a Dokotala. Ine ndaganiza. Fodya uyu tikagulitsa ndituma ankhoswe kwa amalume ako, tichotse chiguduli chija. Ndakuvomera kuti ukhale mkazi wanga weniweni."

Stelia anatula ndowa pansi pang'onopang'ono. Anamasula mwana, anamupukuta mphuno, n'kumupatsa kachidutswa ka buledi. Atatha zonsezo ndi pamene anayang'ana Goliati, ndipo m'maso mwake munalibe mkwiyo. Goliati akanakonda mkwiyo.

"Mukudziwa, a Goliati, dzulo lomweli mukanandifunsa, ndikanavomera musanamalize n'kulankhula komwe. Ndakhala ndikudikira chaka chathunthu kuti mutsegule pakamwa."

"Ndiye basi! Ndatsegula!"

"Mwatsegula, ndipo ndamva. Ukwati ine ndinaulawapo. Malemu bambo a Luwiza analinso munthu wabwino pamene ankandifunsira. Ndinkadziuza kuti inu ndinu wina, kuti mwina Mulungu analenga mmodzi yekha wotere n'kumubisa ku Phalombe. Lero angokuuzani kuti ndine wanu, ankhoswe sanakumane n'komwe, ndipo taonani khosi langali. Nanga akadzakumana?"

"Ndi anthu aja, a Stelia, ndimafuna angoona..."

"Aona. Inenso ndaona." Anamanganso mwana kumsana. "Fodya tisoka limodzi mpaka agulitsidwe, sindine munthu wothawa ntchito pakati. Tikagawana, ine ndikupita kwa mchemwali wanga ku Mulanje. Amene ankanditungira madzi uja ndimamukonda, ndipo ndikufuna ndizimukumbukira momwemo."

Goliati anatsegula pakamwa kuti atsutse. Anafuna kunena kuti sayansi yatsimikiza, koma ngakhale iye anaona kuti a Dokotala ali kutali, mwina ali pa chakudya chamadzulo ndi mlembi wawo. Anathamangira ndowa ija, anaikweza pamutu popanda nkhata, mafuta ophikira akugubuduka m'katimo, malaya aulemu aja akumukola m'mawondo.

"Ndinyamula ine! Taonani, ndanyamula! Ndizinyamula masiku onse, ndikulumbira!"

Stelia anamusiya anyamule. Anamukonzera ndowayo kuti ikhale bwino pamutu, monga amachitira munthu ndi mnansi wake pa chitsime, kenaka anadutsa kamlatho n'kutsogola.

"Zikomo, achimwene," anatero.