Ku Zomba Kudzera ku Balaka

Aliyense wamutu wake amadziwa kuti ku Zomba kulibe njanji. Inenso ndimadziwa. Ukakwera minibasi pa depoti ya Limbe umafika usanamalize n'komwe kukangana ndi kondakitala. Koma mwana wanga Tisungeni atasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba, ndinalengeza pakhomo pathu ku Chinyonga kuti ndimuperekeza pa sitima mpaka ku Balaka, kenako tikwere minibasi yodzera ku Liwonde.

"Bambo a Tisu, mutu wanu ukuyenda bwino?" anafunsa mkazi wanga Ireen. "Kuchoka kuchipinda kupita kukhitchini mudzere kwa aneba?"

Ndinamukumbutsa kuti malemu bambo anga anachoka ku Mozambique pa sitima, n'kutsikira pa Limbe ndi mphasa yokha kukhwapa. Banja lathu likamayamba moyo watsopano limakwera sitima, ndinatero, mawu nditawakulitsa ngati wansembe. Chinali chifukwa chokoma ndithu, kungoti chinali chabodza.

Zoona zake n'zakuti ndinali ndi mawu oti ndimuuze mwanayo. Azakhali ake anali atamulangiza, amayi ake anamulangiza, amayi akutchalitchi nawonso anabwera ndi zawo. Ine chibadwire chake zomwe ndinkatha kumuuza ndi "wadya?" ndi "zimitsa magetsi". Ndinkafuna adziwe asanachoke kuti ndimamunyadira. Mu minibasi, chigongono cha munthu chili m'nthiti, sunganene zotere. Pa sitima ndikanakhala naye tsiku lonse. Choncho m'mawa uliwonse ndinkayeserera mawuwo kubafa, uku ndikukhavula madzi m'ndowa kuti munthu asamve.

Tsiku la ulendo Ireen anatenga katundu n'kupita kudepoti kukakwera minibasi ya ku Zomba, akupukusa mutu. Ine ndi Tisungeni tinalunjika kusiteshoni. Ndinavala suti yanga ya maukwati. Anzathu onse anali ndi madengu, matumba ndi zigubu, ndipo ankandiyang'ana ngati ndabwera kudzagula sitimayo.

Itangonyamuka ndinakonza kukhosi. "Tisu, mwana wanga..."

"Tasenderani, achimwene!" Anali mayi wina wa geni ya kaunjika, yemwe pambuyo pake anati dzina lake ndi Beatrice. Anakhala pakati pathu n'kundisanjika belo pa nsapato zomwe ndinapolisha ndekha. "Suti imeneyi mukukakwatira ku Balaka?"

"Tikupita ku Zomba," ndinayankha mwaulemu wonse.

Mayi Beatrice anaseka chikhakhali mpaka kugwira m'mimba. "Amwali, madalawa ndi anu? Auzeni sitimayi siipita ku Zomba!" Nkhani inayenda ngolo yonse. Tisanatuluke mu Blantyre ndinali ndi dzina kale, Bwana wa ku Zomba, ndipo anthu ankachoka m'mipando yawo kudzandiona. Tisungeni ankangoyang'ana pawindo, mapewa akugwedera.

Sitima ya kwathu ilibe phuma. Imaima paliponse pamene pali anthu, kudikira tomato akwere, makala atsike, ogulitsa nzimbe amalize malonda awo pawindo. Tili pa Lirangwe foni inalira. Anali Ireen. Anali atafika kalekale, atayala bedi la mwana kuhositelo, ndipo ankafuna kudziwa ngati mwambo wa banja lathu ukuyenda bwino. Ndinati netiweki ikuvuta.

Ndinayesanso kachiwiri, khosi nditalisolola kuseri kwa duku la mayi Beatrice. Pompo mlaliki anaimirira pakati pa ngolo n'kuyamba za mwana wolowerera. Ndine Mkatolika wabwino, sindidula mawu a Mulungu, koma tsiku limenelo ndinalakalaka mwanayo akanabwerera kwawo msanga.

Titaoloka Shire mwayi unapezeka. Mayi Beatrice anatsika pa Utale ndi belo lawo, mlaliki anali atasasa mawu, mpando unatsala wa awiri. Koma kunkatentha koopsa, ndipo ndinali nditadya chinangwa chophika chomwe ndinagula pawindo. Ndinati nditseke maso pang'ono kuti ndisanje bwino mawu anga.

Ndinadzidzimuka Tisungeni akundigwedeza. "Adadi, tafika pa Balaka." Jekete anali atandipindira kumutu, ndipo m'manja mwake munali kachikatoni komwe ankandikupizira. Tsiku lonse lomwe ndinalimenyera nkhondo ndinalimaliza kukamwa kuli yasaa, pamaso pa anthu omwe ankandiseka kale. Manyazi anandigwira, koma choposa manyazi chinali chisoni.

Dzuwa linali litapendeka. Pa depoti oitanira anatilanda kachikwama tisanatsegule pakamwa. Minibasi ya ku Zomba inali itadzaza, patatsala malo a munthu mmodzi, ndipo ina sinkaoneka kuti idzaza kusanade.

"Mmodzi yekha, madala! Sisiteri akwere, inu mutsatira!"

Tisungeni anakwera n'kukhala chapawindo. Injini inali ikulira kale. Ndinagwira windolo ndi manja onse awiri, mawu onse akubafa ali pakhosi.

"Tisu," ndinatero, "uziwiritsa madzi akumwa."

Anandiyang'ana, maso ali ndi misozi koma akumwetulira. "Adadi, bafa lathu lilibe siling'i."

"Wati chiyani?"

"Timamva zonse kukhitchini. Amami amachita kuzimitsa wailesi. 'Tsiku lomwe unabadwa ndinkaopa kukunyamula, lero ndikuopa kukusiya.' Pena mumati mwana wanga, pena mumati mayi anga. Ine ndinakonda mayi anga."

Ndiye kuti ndowa zonse zija ndinkakhavula pachabe. "Nanga za sitimazi unavomereranji, poti unamva kale?"

"Ndimafuna mundiuze mukundiyang'ana, adadi. Osati kuuza ndowa."

Kondakitala anamenya chitseko, minibasi n'kuyamba kuyenda. Ine Vitalis, munthu wamuofesi, amene sindithamangira ngakhale mvula, ndinathamanga pambali pake, suti ikununkha kaunjika, jekete lili m'manja.

"Ndimakunyadira, mayi anga!" ndinakuwa. "Wamva? Ndimakunyadira! Pakhomo paja pazizira!"

Depoti yonse inamva. Amayi ogulitsa mandasi anaimba nthungululu, oitanira anaomba m'manja. Tisungeni anatulutsa mutu pawindo, akulira poyera, n'kumagwedeza kachikatoni kaja mpaka minibasi inakhota.

Woitanira wina anandigwira pamkono. "Madala, mwatsala? Ya ku Blantyre ndi iyo." Ndinakwera osakangana naye, n'kukhala kumbuyo kwenikweni, nkhope nditalozetsa pawindo. Tili m'njira foni inaliranso.

"Mwamuuza?" anafunsa Ireen.

"Ndamuuza."

"Chabwino," anatero. "Ndiye kuyambira mawa muzisamba msanga. Enafe timafunanso bafa."