Mbuna Yokana Kudya

Pafupi ndi khomo la chipinda chodyera, m'nyumba yosamalira okalamba ya ku Gaithersburg ku America, panali thanki yagalasi ya nsomba. Inasiyidwa ndi ana a gogo wina amene anamwalirira m'nyumbamo. Tsiku limene a Fryson Mdoka anayamba ntchito, anafika pathankipo atanyamula nsalu zokachapa, n'kuima chilili. Zinali mbuna, tinsomba ta m'matanthwe ta kwawo, tabuluu tamizeremizere ndi tina tachikasu. Sanauze munthu. Ankangotipatsa moni chamumtima m'mawa uliwonse.

Lachinayi lina mu February 1996, mayi Nicole, mkulu wa ogwira ntchito, anawaimitsa pomwepo.

"Fryson," anatero m'Chingerezi, "nsomba yabuluu ili pakonayo yatsala pang'ono kukwanitsa masabata atatu isakudya. Pakhosi patupa. Chaka chatha matenda anatiphera nsomba zisanu. Anthu akamaliza kudya masana, muichotse, mukaitaye kuchimbudzi."

"Chabwino, mayi," anayankha a Fryson.

Anali ndi miyezi inayi yokha pantchito. Akazi awo a Edness, amene anatsogola kubwera ku America, anali atawachenjeza kuti kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Kuno munthu watsopano amamvetsera kaye.

Koma pambali pa thankiyo panali a Gibson panjinga yawo ya olumala, nkhalamba imene matenda opha ziwalo anailanda mawu. Pamenepo ndi pamene ankaswera tsiku lonse. Anamva lamulo lija, ndipo dzanja lawo labwino linafinya bulangeti lomwe linali pamaondo. A Fryson anawakonzera bulangetilo, n'kusuzumira m'thanki. Nsomba ija inali duu kuseri kwa kamtengo kapulasitiki, kukamwa kukugwedera ngati ikutafuna, pakhosi pali thumba. Anadziwa.

Pa nthawi yopuma, mayi Chileshe, namwino wa ku Lusaka, anali atawasungira tiyi atavundikira ndi kambale kuti asazizire.

"Ba Fryson, nanga nkhope yagwa bwanji? Ni nsomba chabe."

"Siikudwala ija, achemwali. Ili ndi ana m'kamwa."

"Bana mukamwa? Awe, imwe ba ku Malawi, boza muliziba!"

"Inu a ku Lusaka nsomba mumakumana nayo itauma kale."

Mayi Chileshe anaseka mpaka kutsamwa. Kenako anatsitsa mawu. "Manje ngati muziba, kambani. Koma mukanama, ine sinikuzibani."

A Fryson anamwa tiyi wawo. Anakulira ku Chembe, moyang'anana ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mu 1980, pamene boma linati zilumbazo ndi madzi ozizungulira zakhala paki, ndipo ukonde usayandikirenso matanthwe. Bambo awo anaseka. "Boma kulondera mbuna? Nsomba zowedza ana?" Koma mwana wawoyo anakalembedwa ulonda wa pakiyo, n'kugwira zaka khumi ndi ziwiri. Ankapalasa bwato mpaka ku Mumbo, chilumba chopanda mudzi, kumene eni ake ndi nkhwazi, ng'azi ndi akatumbu. Ankaperekeza akatswiri owerenga nsomba, amene anawaonetsa kuti thanthwe lina lili ndi mtundu wa mbuna umene sungaupeze kwina kulikonse pansi pano. Tsiku lina a Fryson analanda ukonde wa amalume awo enieni ku Domwe, ndipo kwa zaka ziwiri pamaliro ankakhala okha pamphasa. Pambuyo pake alendo anayamba kubwera kuchokera kutali, kudzangoyandama chafufumimba pamadzi atavala magalasi, kuyang'ana nsomba zomwe bambo a Fryson ankaziseka. Ana a amalume aja ndi amene anali kuwapalasira mabwato.

Zonsezi kuno sankazidziwa munthu. Kuno a Fryson anali bambo wofatsa wodziwa kutembenuza odwala popanda kuwapweteka.

Atamaliza kudyetsa anthu, analowa m'kachipinda kosungira nsalu, n'kutseka chitseko. "Ambuye, mudalenga tinthu iti ndinu. Ine pakamwa panga mpolemera. Ndithandizeni." Anatenga beseni loyera ndi kamtengo kotokosera m'mano, napita kukagogoda paofesi.

"Mayi, ndikupempha mphindi zisanu. Nsomba ija ndi yaikazi. Yafungatira ana m'kamwa, n'chifukwa chake siikudya."

Mayi Nicole anaika cholembera pansi. "Fryson, ndili ndi anthu makumi asanu ndi limodzi oti ndiwaganizire."

"Ndikudziwa, mayi. Bwerani mudzaone. Ngati mulibe kanthu m'kamwamo, ndikaitaya ndekha monga mwanenera."

Mayi Nicole anabwera, manja atapinda pachifuwa. Mayi Chileshe nawonso anapezeka pafupi, akunamizira kukonza ngolo ya mankhwala. Okalamba atatu anasendeza njinga zawo.

A Fryson anatunga madzi a m'thanki momwemo n'kuthira m'beseni. Nsombayo inawazemba kawiri, kachitatu inalowa m'kaukonde. Anavula magolovesi, nanyowetsa manja, chifukwa dzanja louma limasupula nsomba. Anaigwira mutu utaloza pansi, kukamwa kokha kuli m'madzi. Izi anaziona akatswiri aja akuchita kambirimbiri, koma iwo anali atazichita kamodzi kokha, zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Ndi nsonga ya kamtengo kaja anatsitsa mlomo wam'munsi pang'onopang'ono.

Palibe chinatuluka.

"Fryson..." anayamba mayi Nicole.

Anaiviika pang'ono, n'kuikweza, n'kuiviikanso kuti madzi alowe m'kamwa. Kanthu kakuda kanatuluka ngati kambewu ka mpunga, kali ndi maso. Kenako tiwiri. Kenako tinakhuthuka tambiri nthawi imodzi, n'kubalalika pansi pa beseni.

"Mayo ine!" anakuwa mayi Chileshe, ngolo ija ataiiwala. "Ni zoona!"

A Gibson anamenya dzanja panjinga katatu, akutulutsa mawu osamveka. A Fryson anabwezera nsomba ija m'thanki, n'kunyamula beseni mosamala kukaliika pamaondo a nkhalambayo, atalichirikiza ndi manja awiri. A Gibson anawerama, chala chikuyenda pamwamba pa madzi. Atamaliza anatambasula zala zisanu katatu, kenako ziwiri.

"Khumi, zisanu ndi ziwiri," anatero a Fryson. "Mwawerenga bwino, bambo."

Mayi Nicole anagwada pansi osasamala za siketi yawo. "Masiku onsewa osadya chifukwa cha timeneti?"

"Eya. Kwathu imakalavulira ana m'ming'alu ya matanthwe, kumene zazikulu sizingalowe. Muno mulibe mwala ndi umodzi womwe. Ikanawatulutsa, anzakewa akanawadya. Ndiye inangopirira."

"Mwati kwanu?"

"Nsomba izi makolo ake ndi a ku Nyanja ya Malawi, mayi. Kuli paki, zilumba ndi madzi ake, yotetezera zimenezi. Dziko lonse lapansi linaivomereza mu 1984. Ine ndinali mlonda kumeneko."

Anangonena zomwezo, koma anaona kuti aima mowongoka kuposa masiku onse.

"Miyezi inayi mukudutsa pano osanena?"

"Simunandifunse, mayi."

Mayi Nicole anaseka, akupukusa mutu. Anadzuka, nasasa maondo. "Chabwino, bambo mlonda. Tiuzeni chofunika."

"Kathanki kena ka anawa. Ndi miyala yambiri ya muno. Chakudya chikhale chamasamba, chifukwa kwawo zimadya ndere za pamatanthwe. Chimene tikuzipatsachi chimazitupitsa mimba."

"Lembani papepala. Ndiimbira sitolo ya nsomba ya ku Wheaton lero lomwe. Pakadali pano anawa akhala kuti?"

A Gibson anakumbatira beseni ndi dzanja lawo labwino lija, nsidze atakwinya. Onse anaseka. Anagwirizana kuti beseni likhala patebulo pambali pa a Gibson, pafupi ndi chotenthetsera m'nyumba, mpaka kathanki katafika.

Anthu atabalalika, a Fryson anatsina chakudya pang'ono n'kuwazira pakona ija. Nsomba yabuluu inayamba yakhala phee, yowonda ngati tsamba. Kenaka inakwera, n'kutola kamodzi, n'kutolanso.

"Zikomo, Ambuye," ananong'ona.

"Ba mulonda," anaitana mayi Chileshe ali kumapeto kwa khonde, "ba ku chipinda namba twelofu baliza belu kabili. Kapena nabo muzabapeza na bana mukamwa?"

A Fryson anasamba m'manja ndi sopo, navala magolovesi atsopano, n'kupita.