Mbuzi ya Sadaka

"Atha, mayi," anatero Dyson, wopereka mankhwala pachipatala, asanayang'ane n'komwe buku la odwala limene Safia anamupatsira pazenera.

Safia anali atachoka ku Makawa m'mawa pa kabaza kudzatengera mwamuna wake, a Wadi, mankhwala a mtima. Mwezi wathawo anamupatsa theka. Lero kunalibe ngakhale m'bulu umodzi.

"Kodi si inu munati kukubwera otchipa, ndipo tonse tizilandira?"

"Ndinanenadi," anayankha Dyson akukanda m'mutu. "Koma eni mankhwalawa kunjako ndi akathyali. Nthawi yawo yogulitsa okha itatsala pang'ono kutha, angosintha kakutidwe ka m'bulu n'kumati ndi mankhwala atsopano. Ofuna kupanga otchipa awakokera kukhoti. Ndiye ndalama imene ikanakwanira odwala onse ikungogulira ochepa."

"Nanga mlanduwo utha liti?"

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi. Kagulireni kufamase."

Safia anakafunsa mtengo kufamase ya paboma, ndipo anangotuluka osatsanzika. Mtima unamuwawa kwambiri. Anthu amene sanawaonepo, amene sadziwa n'komwe kuti Makawa ili kuti, ndiwo anagwira mpweya wa mwamuna wake.

Kunyumba anapeza a Wadi atakhala pakhonde, miyendo itatupa ngati mitondo. Munthu amene kale ankakoka khoka tsiku lonse tsopano ankapuma kawiri popita kumzikiti. Pafupi nawo, mbuzi yawo imodzi yokhayo inkadya makoko a nthochi. Anaisungira sadaka ya malemu mayi awo, imene inali Lachisanu likudzalo, ndipo abale a ku Namwera anali atauzidwa kale.

"Wabwera chimanjamanja," anatero a Wadi.

"Kufamase aliko. Mbuziyi ingatigulire a miyezi iwiri."

"Astaghfirullah! Mbuzi ya amayi? Ukufuna mlongo wanga Amida akalengeze ku Namwera konse kuti Wadi anadyetsa mashehe usipa pa sadaka ya mayi ake?"

"Akalengeze. Pakamwa pa achemwali anuwo sipanatsekepo chibadwire."

A Wadi anafuna kuseka, koma chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka misozi, dzanja lili pamtima. Chifuwacho chitaleka ananena motsitsa kuti asadandaule, ali nayo mibulu ina imene ankasunga. Apa m'pamene Safia anadziwa kuti bamboyo ankadumphitsa masiku, kumwa lero, mawa ayi, kuti mankhwala afike pa sadaka. Mantha ndi mkwiyo zinamugwira pamodzi.

"Ndiye mwakhala mukundinamiza? Ine kumati mankhwala sakugwira, chonsecho simukumwa!"

"Amayi anandilera okha, Safia. Ndiwachititse manyazi atagona?"

Safia anakhala pansi pafupi ndi miyendo yotupayo. Sanakweze mawu.

"Apongozi anga atamwalira ndinawasambitsa ndine, ndipo ndinkawakonda. Duwa, pemphero lathu, imafika ngakhale pali mpunga ndi nyemba zokha. Koma ine sadaka imodzi yandikwana chaka chino. Sindikufuna kuphika ina ya inu."

A Wadi anayang'ana mbuziyo. Kenako anadzuka movutikira, akugwira khoma, n'kukamasula chingwe okha. Anachipereka kwa mkazi wawo osamuyang'ana kumaso.

"Amida akafunsa, umuuze kuti ndagulitsa ndine."

Safia anaikoka mbuziyo kulowera kumsewu. Sanacheuke, chifukwa anamva kuti kumbuyoko bambo aja akulira.