Kutalika kwa Sajini Abudu

Che Atumani, telala wa pafupi ndi msika wa Mangochi, anali munthu wamfupi momvetsa chisoni. Akakhala pa makina awo osokera, chopondera ankachifikira ndi zala za kumapazi zokha. Koma bambo awo, malemu Sajini Abudu amene anamenya nkhondo ku Burma ndi asilikali a Keyala, gulu lankhondo la atsamunda lija, eee, amenewo ndiye anali chimunthu! Pakhomo la mzikiti ankalowa chowerama.

Tsoka lake, tauni yonse inali itaiwala zimenezo. M'zaka zawo zomaliza msana unawapinda Sajini mpaka ankayenda maso ali pansi ngati ataya singano, ana n'kumawatsanzira kumbuyo. Zinkawapweteka mtima Che Atumani, ndipo sankabisa. Choncho achibale atagawana zovala za malemuwo, aliyense n'kukana yunifolomu ya usilikali poti panalibe amene ikanamukwana, iwo anainyamula ndi bokosi lake lachitsulo lomwe. Analumbira kuti anthu a ku Mangochi adzawaonanso bambo awo ataima chilili.

Telala amadziwa kuti nsalu yakale imafera m'mapindo. Atatsegula bokosilo anapeza malaya a khaki atayamba kale kuyera mopindidwamo, njenjete zitalawako kolala ngakhale malemu ankaikamo masamba a fodya. Anaziyanika pamthunzi, anasoka tizibowo ndi ulusi wosolola kumpendero wa malaya omwewo, mamendulo n'kuwakwecha ndi phulusa ndi ndimu. Kenako anamanga thupi la nsungwi pa msinkhu weniweni wa bambo awo, osachotsera ngakhale chala, n'kulifutsa ndi zigamba. Analiveka malaya, kabudula, lamba, nsalu zokulunga m'miyendo zija, ndipo pamwamba penipeni anaika chisoti chofiira chachitali cha mchira wakuda.

Akazi awo, Mwanabibi, anangoima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a Tatu, fano m'nyumba ya Msilamu? Mwayamba liti?"

"Fano limakhala ndi maso ndi pakamwa," anayankha Che Atumani. "Mutuwu ndi chipanda chabe. Ine ndapachika zovala basi."

"Zovala zimene zikundiyang'ana!" anatero mayiwo, n'kubwerera kukhichini kwawo akung'ung'udza.

Sajini anaimikidwa m'shopu, kukhoma la kumbuyo, ndipo anthu anayamba kubwera ngati kuli kanema. Asodzi ochokera ku Malindi ankasiya madengu a usipa panja kudzangoona. Ena ankasokesa batani limodzi kuti apeze chifukwa chokhalitsira. Che Atumani ankangomwetulira, makina akulira, mtima uli mbee.

Kenako kunabwera Kalisto. Uyu anali mkulu wa anyamata a chipani, a malaya ofiira aja oima pachipata cha msika kufunsa anthu makhadi a umembala. Mnyamata woonda, wa mawu aakulu kuposa chifuwa chake. Masiku amenewo shopu iliyonse inkayenera kukhala ndi chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko, ndipo panalibe chinthu chololedwa kukhala pamwamba kuposa chithunzicho, kaya wotchi, kaya kalendala. Cha Che Atumani chinali pakhoma lomwelo, chitagunda kale malata poti shopuyo inali yaifupi ngati mwini wake. Kalisto anayang'ana chithunzi, anayang'ana Sajini, anabwereka tepi ya telala n'kukwera pampando.

"Che Atumani, wamkulu ndani muno?"

"Mtsogoleri, achimwene. Funso lake limenelo?"

"Nanga bwanji chisoti cha msilikali wa atsamunda chikuposa chipumi cha Mtsogoleri?"

Amene anabwera ndi mabatani anazemba mmodzimmodzi, mabatani awo osasokedwa. Kalisto ananena kuti a Gilford, tcheyamani wa chipani m'boma lonse, ayendera mashopu posachedwa. Akadzapeza zoterezi, shopu idzatsekedwa, yunifolomu idzatenthedwa pabwalo, ndipo mwini wake akafotokoza bwino kundende ya ku Zomba.

Che Atumani anayamba ndi kuvula bambo awo chisoti. Chipanda chinatsala mbuu, chikuposabe chipumi cha Mtsogoleri, ndiponso msilikali wopanda chisoti ankaoneka ngati wogwidwa akuba nkhuku. Anachibwezera. Anayesa kuwakhazika pampando atamasula nsungwi za m'chiuno. Kalisto atadutsa anagwira kumutu.

"Msilikali kukhala pampando pamaso pa Mtsogoleri? Mukufuna tonse tikagone ku Zomba? Muimikeni msanga!"

Ndiye poganiza kuti wogona saposa munthu, Che Atumani anawagoneka Sajini patebulo lodulirapo nsalu, n'kuwafunditsa bafuta woyera kuopa fumbi. Mwini wake anatuluka kukagula ulusi. Abiba, mayi wogulitsa zitumbuwa, analowa kudzatenga diresi lake, anaona chimunthu chili gone, chofunditsidwa kumutu mpaka kumapazi. Mayiyo sanafunse. Anatuluka akulira mokuwa, manja kumutu, kulunjika kumsika. Pamene Che Atumani ankabwerera ndi ulusi wawo, anapeza khonde ladzaza, amayi atakhala pansi akusisima, wina atabweretsa kale nkhuni. Atawaona akubwera wamoyo, theka la anthuwo linathawa. Otsalawo anafunsa mwaulemu kuti nanga wamwalira ndani, ndipo maliro aikidwa nthawi yanji.

"Anaikidwa kale chaka chatha!" anakalipa Che Atumani. "Bwererani kwanu!"

Nkhaniyi inaseketsa tauni yonse mpaka ku Monkey Bay, koma telalayo sanaseke nawo. Kalisto anabweranso, ulendo uno ndi nzeru imene ankaiona ngati yakuya kwambiri.

"Zosavuta izi, madala. Dulani nsungwizo m'mawondo, agwade. Msilikali wa atsamunda kugwadira Mtsogoleri wathu! A tcheyamani akadzaona adzakuyamikirani pamsonkhano. Apo ayi, bwezerani m'bokosi zidyedwe ndi njenjete."

M'mawa mwake Che Atumani sanatsegule shopu. Anabwereka sowo kwa kalipentala, anagwada kutsogolo kwa Sajini, anamasula nsalu ya mwendo umodzi. Anaika sowo pansungwi. Dzanja linakana. Anali ndi mantha, mantha enieni, chifukwa opita ku Zomba sankabwerako msanga, ndipo mwana wawo Tatu anali asanamalize sukulu. Anaikanso sowo paja, akupempha Mulungu kuti awakhululukire.

"Mukuwatani apongozi anga?"

Anali Mwanabibi, chipande chili m'manja. Che Atumani anafotokoza, maso ali pansi.

"Subuhana! Munthu ameneyu ndinamuphikira phala mpaka tsiku lomaliza. Msana unapindika, inde, koma mawondo awo ankagwada pamkeka wa swala pokha, pamaso pa Mulungu. Lero agwade chifukwa wanena ndi Kalisto, mwana amene ndinkamupukuta mamina ine?"

"Si inu munkati ndi fano?"

"Ndinkatero, ndipo usiku sindidutsa muno. Koma kugwada ayi. Vuto n'chiyani kwenikweni?"

"Denga lafupika."

"Dengalo n'la boma?"

"N'langa."

"Ndiye likwezeni! Mukufupikitsa bambo anu kusiya denga?"

"Malata ndiwatenga kuti, mayi?"

Mwanabibi anapumira m'mwamba, anayang'ana kukhichini kwawo kumene anakulimbanira zaka zambiri kuti kufoleredwe ndi malata. "Kasasuleni uko. Ndiziphikira pansi pa mango. Koma mvula ikayamba mudzandimva."

Kukweza denga lonse Che Atumani sakanatha. Anangosasula lata la pamwamba pa Sajini, n'kumangapo kansanja kopapatiza ka zidina, kotalika bwino, ndi kawindo kolowetsa kuwala, n'kukafolera ndi malata a kukhichini aja. Odutsa ankafunsa ngati telala akuweta nkhunda kapena akutsegula mzikiti wakewake. Iwo ankangomanga. Atamaliza anakwera pamakwerero n'kukhoma chithunzi cha Mtsogoleri pamwamba penipeni m'kansanjamo. Sajini anawabwezera pamalo pawo, chisoti chili neng'a.

Tsiku loyendera linafika. A Gilford, bambo wonenepa amene kale anali mphunzitsi kwawo ku Ntcheu, analowa ndi Kalisto ndi gulu la anyamata ofiira. Anaponya maso pakhoma ili, pakhoma ilo. Chithunzi palibe. Nkhope yawo inayamba kuda, ndipo Kalisto anayamba kale kubwerera cham'mbuyo akunena kuti iye anachenjeza.

"Telala, chithunzi cha Mtsogoleri chili kuti?"

"Chili kumwamba, bwana," anatero Che Atumani, mawu akutuluka mwapang'ono. "Tasunthirani kuno. Kutsogolo pang'ono. Apo. Tsopano kwezani mutu."

Kansanja kaja kanali kopapatiza moti chithunzicho chinkaoneka pamalo amodzi okha, munthu ataima pafupi ndi Sajini, maso ndi maso. A Gilford anaima pomwepo, anatulutsa chifuwa, anakweza chibwano. Kumwambako Mtsogoleri ankawala ndi dzuwa la pakawindo. A tcheyamani anavula chipewa msangamsanga, n'kugunditsa zidendene.

"Uku ndiye kulemekeza! Munthu kuboola denga lake! Kalisto, iwe cha ku ofesi kwako chija ndimachigunda ndi phewa, ulibe manyazi? Nonse bwerani kuno. Zipewa pansi! Imani bwino!"

Anyamata aja anathamangira, anandanda kumbuyo kwa a tcheyamani, manja m'mbali, zibwano m'mwamba, Kalisto ali patsogolo thukuta lili kamukamu. Panja anthu anadzaza pawindo ndi pakhomo, ndipo oima kumenekowo kansanja sankakaona mkati mwake. Ankangoona akuluakulu a chipani ali ndendende, opanda zipewa, kutsogolo kwa chimsilikali cha mamendulo owala. Nkhalamba ina pakhomo inavula nayo kofiya wake.

Che Atumani anakhala pa makina awo, koma singano sankaionanso. Misozi inkangotsika yokha, iwo osaipukuta, poopa kuti a tcheyamani angatembenuke. Anaweramira ku nsalu imene inali pamakinapo ngati akufuna kudula ulusi ndi mano, n'kunong'ona:

"Baba, musagwedezeke. Onsewa abwerera inu."